Alamu, ndowa ziwiri ndi malamba 6

Mlamu wanga, amene anakwatira mlongo wanga, amakhala ku Johannesburg. Atagula galimoto anatitumizira chithunzi pa WhatsApp: Toyota 86 yofiira, ya zitseko ziwiri, yonyonyomala pansi ngati thadzi lofungatira mazira. Ife tinayamikira mwaulemu. Amayi anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Nanga matumba a chimanga alowera kuti?"

Mipando ilimo inayi, koma iwiri yakumbuyoyo anapangira anthu opanda miyendo. A Toyota anaipanga galimotoyi mogwirizana ndi a Subaru n'kuitulutsa mu 2012, ndipo pa zonse zimene akatswiri a ku Japan ankaganizira, zinkhoswe ndi maliro a ku Ntcheu munalibemo.

Matenda anayambira ku Zwartkops, bwalo la mipikisano ya galimoto kufupi ndi Pretoria. Masiku ena kumeneko munthu wamba amalipira n'kulowa ndi galimoto yake kukathamanga popanda wapolisi womubisalira paseri pa mtengo. Alamu anapitako kamodzi. Pokhota paliponse thupi linkatsetserekera uku ndi uku, bondo likumenya chitseko, manja atakakamira chiwongolero ngati munthu wokwera ngolo ya ng'ombe zolusa. Anabwerako atapeza wolakwa. Sanali iwo ayi. Unali mpando.

Ine ndinafika ndi amayi mwezi umenewo kukacheza, ndiye zotsatirazi ndinaziona ndi maso angawa.

* * *

Mipando ya mpikisano Azungu amaitchula ndi dzina la ndowa, chifukwa munthu sukhala pamwamba pake, umalowamo. Mbali zake zimakwera n'kukugwira ntchafu, nthiti ndi mapewa. Alamu atamufotokozera mlongo wanga zimenezi, iye anafunsa mtengo wake. Atauzidwa anakhala kaye chete.

"Bambo a mwana, ndowa ziwiri? Ndalama zonsezo? Ku bafa kuli ndowa zitatu, tengani ziwiri, imodzi mundisiyire yochapira."

Mpando wotere umagulidwa ngati buluku: umafunika kuyeza m'chiuno. Alamu anaitanitsa pa intaneti, ndipo pa funso la m'chiuno anayankha ndi muyeso wa suti ya pa ukwati wawo. Kuchokera tsiku la ukwatilo papita zaka khumi za nsima ndi nyama yootcha ya Loweruka lililonse. Mipando itafika anaika umodzi pabalaza kuti auyese. Kulowa analowa, mothandizidwa ndi kulemera kwawo. Podzuka, mpando unadzuka nawo limodzi. Anayenda masitepe atatu atauberekera kumbuyo ngati kamba, mwana akuwomba m'manja.

* * *

Kubweza katunduyo kunavuta, ndiye anasaka ina yogwiritsidwapo kale ntchito, yokulirapo. Apa m'pamene tinaphunzira kuti mpando umatha masiku ngati mkaka. M'mbali mwa mpando weniweni wa mpikisano, kaya ndi wa Recaro ya ku Germany kaya Sparco kapena OMP za ku Italy, mumakhala kachikwangwani ka FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto pa dziko lonse. Mipando ya muyezo wa 8855-1999 imaloledwa pa mpikisano zaka zisanu kuchokera pamene inapangidwa. Malamba nawonso zaka zisanu. Chifukwa chake chilipo: dzuwa, thukuta ndi kugwedezeka zimafooketsa zinthuzi mosaonekera kunja.

Amayi anamvetsera zonsezi ali pa mkeka.

"Mpando wa ndalema wa malemu bambo ako unagulidwa Kamuzu asanabwere, mpaka lero alendo amakhalapo. Wa apongoziwu ukatha masiku umatani, umasasa?"

Ya alamu inali itasasa chaka chapitacho. Wogulitsa anati n'chifukwa chake inali yotsika mtengo, ndipo alamu anabwera kunyumba akunyadira kuti amudyera.

* * *

Ntchito yochotsa mipando yakale anaipereka kwa makaniko wina wakwathu komwe kuno, wa ku Mangochi, amene amakonzera galimoto kuseri kwa nyumba ya lendi. Mpando uliwonse umagwidwa ndi mabawuti anayi basi. Chimene chimatenga nthawi ndi zimene umapeza pansi pake. Tinatolamo makobili okwana kugula buledi, tchipisi touma ngati misomali, chipeso, ndi lisiti ya malo ena odyera yolemba chakudya cha anthu awiri pa tsiku limene alamu anati ali ku maliro a mnzawo wa kuntchito. Makaniko, munthu wodziwa dziko, anaimeza lisitiyo m'thumba la ovolosi osanena kanthu. Mtengo wa ntchito unakwera pang'ono.

Pansi pa mpando pali mawaya, ndipo ena ali ndi cholumikizira chachikasu. Chachikasucho ndi cha airbag, thumba lija limafufuma pa ngozi, chifukwa m'galimoto zamakono lina limabisala m'mbali mwa mpando momwemo. Wodziwa ntchito amayamba wachotsa waya wa batire n'kudikira kaye asanakhudze chachikasucho. Wathuyu anachitadi zimenezo, ulemu wake. Koma atamanga mipando yatsopano n'kuliza injini, kanyali kofiira kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero, kakudandaula kuti thumba lake lasowa.

"Bigi, musadandaule. Kameneka timakathetsa pompano."

Anang'amba kachidutswa ka tepi wakuda n'kumata pa kanyaliko.

Ena amalumikiza kachipangizo kakang'ono kotchedwa resistor pa waya uja kuti kompyuta ya galimoto iziganiza kuti thumba likadalipo. Nyali imazimadi. Koma thumbalo limakhala lili m'mpando wakale, mpandowo uli pakhonde. Kusiyana kwa resistor ndi tepi n'kwakuti wina amanamiza galimoto, wina amanamiza mwini wake.

* * *

Tsopano chitsulo. Malamba a mpikisano sabwerera okha m'khoma ngati lamba wamasiku onse. Awiri amadutsa pa mapewa n'kutulukira m'mabowo a kumsana kwa mpando, ndiye amafuna pomangirira kumbuyoko. N'chifukwa chake pamaikidwa chitsulo chopingasa kuseri kwa mipando, kuchokera khoma ili kufika khoma linalo, chomangidwa pa mabowo a mabawuti a malamba akale.

Makaniko anati chitsulocho n'kuwononga ndalama, malambawo angowatsitsa n'kuwamanga pansi, kuseri kwa mpando. Apa ndiye alamu anakana, ndipo kamodzi kokha m'nkhani yonseyi iwo ndi amene ankalondola. Malamba a m'mapewa amayenera kuchoka pa phewa n'kupita kumbuyo mowongoka, kapena kutsika pang'ono chabe, osapitirira madigiri 20. Ukawatsitsa kwambiri, pa ngozi thupi likamaponyedwa kutsogolo malambawo amakanikizira mapewa pansi, msana n'kufinyika ngati chitini chopondedwa ndi lole.

Ndiye panabwera mnzake wa makaniko, wowotcherera zitsulo, katswiri wa mageti ndi zotchingira akuba m'mawindo. Anayeza ndi chingwe, nati ali ndi paipi ya madzi yotsala pa ntchito ina.

"Yolimba, bwana. Ndikuikiraninso timaluwa kumapetoku, ulere."

Alamu anagula chitsulo chenicheni, chopangidwira galimoto yomweyo. Chitamangidwa, mipando yakumbuyo ija inatsekeka ngati khola. Mwana anafunsa kuti iye azikhala pati, ndipo funsolo linayankhidwa ndi Uber. Mlongo wanga yekha ndi amene anachikonda chitsulocho. Tsiku lina kukugwa mvula tinapeza atayanikapo matawulo.

Ndinenepo maganizo anga, poti nkhaniyi ndi yanga. Chitsulo chimenechi chimaoneka ngati choteteza galimoto ikagubuduka, ndipo anyamata ambiri amachigula chifukwa cha maonekedwewo. Sichiteteza. Ntchito yake n'kugwira malamba basi. Lamba wamasiku onse uja, amene Nils Bohlin anapangira a Volvo mu 1959, amalola thupi kupendekera kumbali denga likamatsika. Malamba a mpikisano amakuimika njo ngati msilikali pa perete, ndiye denga likabwera limapeza mutu ukulidikira. Galimoto za mpikisano weniweni zimakhala ndi chikhola chazitsulo chochirikiza dengalo. Alamu anali ndi choyanikira matawulo.

* * *

Kumanga malambawo ndi mwambo. Awiri a m'mapewa, awiri a m'chiuno, awiri odutsa pakati pa miyendo, onse kukumana pa chachitsulo chimodzi cha pamchombo. Umayamba kukoka a m'chiuno, kenako a m'mapewa, mpaka kupuma kukhale kopempha.

Tsiku loyamba alamu anachita zonsezi mwadongosolo, mphindi zisanu zathunthu, ife tikuonerera. Atamaliza anatambasula dzanja kuti atseke chitseko. Chitseko cha galimoto ya zitseko ziwiri n'chachitali, chikatseguka chimapita kutali. Zala zinkangopalasa mphepo. Anamasula zonse, natseka, namanganso. Kenako anakumbukira kuti foni ili m'thumba lakumbuyo la buluku.

Pa geti ya malo ogulitsira zinthu, pamene umatenga tikiti pa makina, zinali chimodzimodzi. Galimoto yafupika, munthu wamangidwa, batani lili kumwamba. Mzere wa galimoto kumbuyo ukuliza mahutala. Mlonda wa pamenepo, mnyamata wa ku Mzimba, anabwera n'kuwatengera tikitiyo, nasuzumira m'katimo.

"Pepani dada. Munachita ngozi liti?"

* * *

Lamlungu amayi anafuna kupita ku tchalitchi. Galimoto ina panalibe, ndipo lamba wakale wa mbali ya wokwera anali atachotsedwa tsiku la chitsulo lija, makaniko atalonjeza kuti adzamubwezeretsa mawa.

Muyenera kumvetsa kuti amayi ndi alamu amalemekezana mwa Chingoni. Sadyera pamodzi. Akakumana pa mpita wa m'nyumba wina amabwerera. Polankhulana amayang'ana khoma. Tsono mayi wa Mvano, atavala bulauzi yoyera yosita bwino, chitenje chatsopano ndi duku, anayenera kutsikira m'ndowa imene ili pafupifupi pansi, n'kumangidwa ndi mkamwini.

Kutsikako kunatheka ndi anthu awiri, ine ndi mlongo wanga. Malamba a m'mapewa amayi anawalandira mwamtendere. A m'chiuno anang'ung'udza. Alamu, ataima patali atafulatira, akulankhula ndi mpanda, anati:

"Auzeni amayi kuti patsala ena awiri."

"Ali kuti?"

"Auzeni kuti ali pansi. Amadutsa… pakati."

Mlongo wanga anawerama n'kunong'oneza. Amayi anayang'ana malambawo, nayang'ana chitenje chawo, nayang'ana kumwamba.

"Uwauze apongozi kuti ine ndabereka ana asanu ndi awiri, ndipo ngakhale ku chipatala sanandimangepo chonchi."

Alamu anayesa kufotokoza, kudzera mwa ine, kuti popanda awiri apansiwo munthu pa ngozi amatsetsereka n'kudutsa kunsi kwa lamba wa m'chiuno, lambayo n'kufinya mimba m'malo mogwira mafupa. Zimenezo n'zoona. Ndinamasulira mokhulupirika. Amayi anati ngati galimotoyo ikukonzekera ngozi chomwecho, iwo apita wapansi. Kuwatulutsa kunafuna anthu atatu, wachitatu anali mayi woyandikana nawo nyumba. Anafika ku tchalitchi nthawi ya chopereka.

* * *

Alamu atabwerera ku Zwartkops, woyang'anira galimoto zisanalowe m'bwalo anasuzumira n'kufunsa za khosi. Thupi likamangidwa zolimba chonchi, chotsala chomasuka ndi mutu, ndipo mutuwo wavala chisoti cholemera. Galimoto ikagunda, thupi limaima, mutu umapitirira. Dale Earnhardt anafa ndi kuthyoka kwa tsinde la chigaza pa mpikisano wa Daytona 500 mu 2001, ndipo chaka chomwecho a NASCAR analamula kuti oyendetsa azivala chogwira mutu ndi khosi. Chodziwika kwambiri ndi HANS, chokhala ngati goli la pa mapewa lomangirira ku chisoti. Ku Formula One chinakhala lamulo mu 2003.

Alamu anawerengera: mpando unaitana malamba, malamba anaitana chitsulo, tsopano akuitana goli, ndipo goli likubwera ndi chisoti china chokhala ndi pokolowekera. Kuseri kwa zonsezi chikhola chazitsulo chikudikira. Anati zili ngati kukwatira kwa anthu ambiri: umafunsira mmodzi, pa chinkhoswe pabwera mudzi.

Woyang'anira uja anawalola kulowa ndi lamba wamasiku onse, amene mwamwayi mbali ya dalaivala anali akadalipo. Thupi silinatsetsereke m'pang'ono pomwe, mpando unagwiradi ntchito yake. Atakhazikika bwino choncho, anatha kuona bwinobwino mayi wina wa imvi akuwapitirira pokhota ndi Volkswagen Polo, mpando wa mwana uli kumbuyo.

* * *

Mipando yakale ija inakhala pakhonde masabata atatu. Tsiku lina madzulo tinapeza amayi atakhala pa umodzi. Anali atatulukira okha kachitsulo ka m'mbali, akugonetsa msana wa mpando n'kuudzutsanso, kugonetsa n'kuudzutsanso, tiyi ali m'manja.

"Uwu ndiye mpando. Uwafunse apongozi ngati watha masiku."

Pobwerera kumudzi mpandowo unakwera nafe basi, wokulungidwa m'bulangete, m'ngolo ya katundu pamodzi ndi mafiriji a anthu. Unadutsa Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Tete, mpaka pa Mwanza, pamene wa kasitomu anauzungulira kawiri n'kufunsa kuti galimoto yake ili kuti. Lero uli pakhonde ku Ntcheu, pambali pa wa ndalema uja. Waya wachikasu akulendewerabe pansi pake, ndipo ndawauza adzukulu onse kuti aliyense wobwera naye pafupi batire ya wailesi adzaona zakuda.