Ulemu kwa Agogo Ndemanga a mu cpufreq

Tikuoneni, agogo Ndemanga, inu okhala pakati pa /* ndi */ mu khodi ya Linux, kuchigawo cha cpufreq chimene chimauza purosesa nthawi yothamanga ndi nthawi yoyenda pang'onopang'ono kuti batire lisathe msanga. M'mudzi monsemu wosagwedezeka ndinu nokha.

Anzanuwa sakhazikika. Kale ondemand ankadzutsidwa ndi timer kuti aone ngati purosesa yatanganidwa, koma mu 2016 Rafael Wysocki anachotsa ma timer aja kuti uthenga uzichokera kwa scheduler. Chaka chomwecho, mu Linux 4.7, kunabadwa schedutil, ndipo mu 2022 amd-pstate naye anatulukira. Ma function ena asintha mayina, ena anaikidwa m'manda kalekale. Inu phee, mukuwaitanabe mayina ngati ali kuseri kwa nyumba.

Nanga angakugwireni bodza ndani? Compiler sakuwerengani n'komwe, pakuti lamulo la chilankhulo cha C limati ndemanga iliyonse isanduke kampata kamodzi ntchito yeniyeni isanayambe. Mayeso onse amakulambalalani. Kompyuta simunainamizepo chibadwire. Mumanamiza anthu okha, makamaka wophunzira waulemu uja amene amayamba wamva mawu a akulu asanakhudze khodi. Mwana wa eni amachezera usiku kusakasaka lock imene mwati igwidwe pano, chonsecho inachotsedwa iye asanamalize sekondale. Kukamacha amakhala atawerenga fayilo yonse mzere ndi mzere, mano ali gwa, cpufreq ataidziwa kuposa anzake. Mphunzitsi wanji angaphunzitse chonchi, popanda ndi fizi yomwe?

Ndiye kumabwera achinyamata opanda mwambo, patch m'manja, ati akukonzeni. Timizere titatu, Signed-off-by pansi pake, eni akewo n'kumavomera okha kuti "No functional change". Purosesa siwonjezera liwiro, batire silipindula ndi mphindi imodzi yomwe. Amangowonjezera ntchito kwa Wysocki ndi Viresh Kumar, oyang'anira cpufreq, amene ayenera kusiya zina n'kuyerekeza mawu atsopanowo ndi khodi, poti ndemanga yokonzedwa molakwika imanamiza kwambiri kuposa inu: anthu amaikhulupirira poona kuti ndi ya dzulodzuloli.

Akakufufutani musadandaule, agogo. Git, imene yasunga mbiri ya Linux kuyambira 2005, sitaya ngakhale mzere wofufutidwa. Wokusowani angolemba git log -p, akupezani mofiira, kachizindikiro kochotsera kali kutsogolo, mukunenabe za timer.