Mutu umodzi susenza denga, nanga mitu khumi yofanana?

Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Maofesi ambiri ku Chipata kuno anaulandira mwambiwu ndi manja awiri, n'kuumasulira kuti: itanani msonkhano. Ndiye anthu khumi amazungulira tebulo, aliyense ndi botolo lake la madzi, bwana alankhula, ena onse agwedeza mitu, kenaka asaina pepala la alawansi. Mitu yachuluka ndithu, koma nzeru inalowa imodzi, yatulukanso imodzi yomweyo. Amene anaonapo denga la nkhokwe likunyamulidwa amadziwa kuti osenzawo saona njira. Pamafunika wina woima panja wokuwa kuti "kumanzere, kuli chitsa uko!", wina amene anayeza nkhokwe denga lisanamangidwe, ndi agogo okumbukira kuti la chaka chatha linauluka ndi kamvuluvulu chifukwa luzi linachepa. Pantchito, mitu imapindula ikamaganiza mosiyana.

Pali mutu wowerengera, umene supeza tulo ngwee imodzi ikasowa m'buku. Pali mutu wofunsa, uja wotopetsa ndi "chifukwa chiyani?" anzake akuyang'ana wotchi poti nthawi ya nsima yakwana. Pali mutu wopeka zatsopano: wina anayang'ana kaliyala ya njinga n'kuonapo mpando, namangapo khushoni, lero njinga zikunyamula anthu ndi katundu wawo kuchokera ku Kapata kukafika ku Down Shops. Palinso mutu wodziwa anthu, wa amayi a pamsika wa Saturday, amene amasiyanitsa wogula ndi wongofunsa mtengo munthuyo asanatsegule n'komwe pakamwa. Tsoka lake, masetifiketi athu amayeza makamaka mutu woloweza, ndipo polemba ntchito bwana amakonda mutu wofanana ndi wake, poti sumutsutsa.

Umboni uli pafupi. M'chigwa cha Luangwa, opha nyama mozemba ankayankhidwa ndi unyolo ndi ndende. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003, linatsata funso lina: kodi munthu amatcheranji msampha? Yankho linali njala ndi kusowa ndalama. Alenje anayamba kupereka mfuti ndi misampha yawo ya waya n'kuphunzira ulimi, bungwe likuwagula nshawa, mpunga ndi uchi, ndipo chiponde cha It's Wild! chimene chili m'mashopu chinabadwa m'funso limenelo. Komatu funso lokha silidzaza botolo. Panafunika wowerengera mtengo wa lole yopita ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500, ndi wodziwa anthu wokhala pansi ndi mafumu mpaka mlenje akhulupirire kuti kupereka mfuti si kudzipereka kupolisi. Tayang'ananso njanji ya Chipata ndi Mchinji, imene anayamba kumanga mu 1982 n'kudzaitsegula mu Ogasiti 2010. Oyala zitsulo anagwira ntchito yawo, koma kwa zaka zingapo mbuzi zinaizolowera njanjiyo kuposa masitima. Funso lakuti katundu adzachokera kuti ndipo adzapakiridwa pati linkafunika mpando wake patebulo kuyambira tsiku loyamba.

Wina anena kuti mbewa zikachuluka siziika masa, ndipo ambuya athu Achibemba awonjezera kuti pa nkhani ya mbewa ife a Kum'mawa tisatsutsidwe. N'zoona, kampani ikhoza kufa ndi makambirano, wofunsa akufunsabe, wopeka akupekabe, kasitomala atapita kale kwa amwenye a pafupi. N'chifukwa chake pamafunikanso mutu wogamula, wonena kuti zakwana, tichite chakuti. Koma kugamula utamva wowerengera ndi wofunsa n'kosiyana ndi kugamula uli m'bafa kunyumba, n'kudzaitana anthu kuti akuombere m'manja. Ameneyo ndiye nzeru zayekha uja anaviika nsima m'madzi, kungoti wa masiku ano amaviika pamaso pa komiti, mlembi akulemba kuti onse agwirizana.

Wina anenanso kuti foni ndi kompyuta zikuganiza kale, mitu yambiriyi n'njachiyani? Kompyuta imawerengera msanga kuposa kalaliki aliyense, inde, koma imayankha chimene yafunsidwa. Ukaifunsa zopusa, ikuyankha mwaulemu, m'Chingerezi chosalala, ndi manambala omwe. Siidziwa kuti mlimi amene wati "ndibwera mawa" akutanthauza akakolola, kapena kuti Loweruka lomaliza la Febuluwale tawuni imakhamukira ku Mtenguleni ku mwambo wa Nc'wala. Makina akamachenjera, wodziwa kufunsa ndi wodziwa anthu amakwera mtengo.

Choncho abwana, pa intavyu yotsatira, mukatha kuwerenga masetifiketi, nenani dala chinthu cholakwika, monga kuti malire a Mwami ali ku Katete. Amene agwedeze mutu n'kunena kuti "zoonadi bwana", muthokozeni, mumubwezere ndalama ya basi. Amene akhosomole pang'ono n'kukukonzani mwaulemu, mufunseni ngati angayambe Lolemba.