Wantchito Wosatsutsa Bwana

M'tauni muno mnyamata aliyense wokhala ndi laputopu ya kaunjika ndi mahedifoni akuluakulu masiku ano ndi katswiri wopanga ma app. Mukamufunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, amatsitsa mawu nkukuuzani kuti waika AI yomuthandiza kulemba code, ngati munthu amene walemba mnyamata wa m'nyumba koma sakufuna achibale adziwe.

Kuika wothandizirayu kuli ndi mwambo wake. Poyamba pamafunika VS Code kapena Android Studio, ndipo Android Studio imameza bandulo yonse Gradle asanatsegule n'komwe pakamwa. Ndiye ntchitoyi imagwiridwa pakati pa usiku, kapena pakhonde la ofesi ya mnzake pomwe Wi-Fi imadumphira pawindo. Ikangotsala pang'ono kutha, magetsi phi!

Kenako GitHub Copilot. Yaulere ilipo koma imatha msanga, yolipira ndi madola 10 pamwezi, ndipo makwacha a m'thumba siiwadziwa, imafuna khadi. Apa mpomwe mnyamata amakumbukira kuti ali ndi malume ake ku Johannesburg.

"Malume, mwadzuka bwanji? Akazi anu ndi ana ali bwanji kumeneko? Kuzizira kwatha?"

Moni ameneyu amayenda masiku angapo nkhani ya khadi isanatchulidwe, chifukwa kupempha usanafunse za ana ndi mwano.

Amene amagwiritsa ntchito API key amachenjezedwa kuti ndi chinsinsi, asamayiike poyera. Koma kumana mnzako si ulemu wa kwathu. Pofika madzulo key ija ili pa gulupu ya WhatsApp ya anzake akusukulu, ndipo pofika m'mawa malume akuimba foni.

Chodabwitsa n'chakuti makinawa makhalidwe a m'tauni anawaphunzira msanga. Mukawauza kuti alakwitsa, amavomera kuti mukunena zoona, amapepesa mwaulemu, kenako nkubweretsanso cholakwika chomwecho atangochisintha dzina. Ngakhale mwalakwitsa ndinu, amakuyamikirani kuti funso lanu ndi lanzeru. Mnyamata naye waphunzira makhalidwe a mabwana: app ikayenda, "ndinagona 3 koloko m'mawa", ikakana kutseguka, "AI imeneyi ndi yaulesi". Zomwe zalembedwamo sanaziwerenge, ndipo mukamufunsa kuti mzere uwu ukutani, foni yake imalira mwadzidzidzi.

Chomaliza ndi Google Play. Kulembetsa ndi madola 25, ndipo akaunti yatsopano ya munthu payekha imafuna anthu 12 oyesa app kwa masiku 14 isanaikidwe poyera. Mnyamata amasonkhanitsa mtundu wonse, mpaka azakhali amene akuwapangira app ya banki mkhonde.

"Azakhali, mungoiika pafoni basi, muziitsegula tsiku lililonse."

"Masiku angati?"

"14 okha."

Azakhali amakonza chitenje, nkumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanawe, masiku 14 opanda alawansi, opanda ya thiransipoti, ngakhale Fanta? Maphunziro amtundu wanji amenewo?"