Kodi nsomba ikabisale kuti?

Kwathu kuno ku Mwanza nsomba timaziona zitauma kale, zili pamulu pa msika wa pa boma. Madzi akuya amene ndimawadziwa ndi a mtsinje wa Mwanza ukadzaza m'dzinja, kapena a Shire ndikamawoloka pa mlatho popita ku Blantyre. Za m'nyanja ndine mlendo, ndiye a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota mundipirire pa zimene ndifunse pano.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amagwira ntchito m'boti la injini ku Monkey Bay. Anabwera kumudzi mu Juni, mwera utawathamangitsa panyanja, ndipo anatipeza tikuthyola manachesi. Madzulo ake anatulutsa foni n'kundionetsa kanema amene anajambula m'botimo. Munali kabokosi konga ka wailesi ya kanema, kakuyendetsa mizere yofiira, yachikasu ndi yabuluu.

"Amalume, awa ndiye maso athu. Timati fish finder."

Ndinamufunsa kuti maso amenewo amaona bwanji pansi pa madzi pamene pali mdima wa ndiweyani. Iye anavomera kuti kwenikweni si maso, ndi khutu. Kunsi kwa boti amamangako kachitsulo kamene kamaponya kaphokoso m'madzi. Kaphokosoko kakagunda chinthu kamabwerera, monga mawu amabwerera ukafuula moyang'ana phiri la Thambani, ndipo makinawo amawerenga nthawi imene kadutsa. M'madzi phokoso limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi, kuposa kanayi liwiro lake mumpweya. Likapita n'kubwerera mu gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndiye kuti pansi pali pa mamita 75.

Nanga nsomba sizithawa phokosolo? Anati n'losongoka kwambiri moti munthu salimva, nsomba zambirinso sizilimva. Nanga nsomba, imene thupi lake n'lofewa ngati madzi omwewo, imabweza bwanji phokoso? Apa anandikumbutsa kathumba koyera kaja timakapeza m'mimba potumbula chambo. Ndi ka mpweya, kamene kamathandiza nsomba kuyandama, ndipo ndi komweko kamene kamaiulula. Zimenezi zinandikhudza. Chinthu chimene nsomba inabadwa nacho kuti ipulumuke n'chimene chikuilozera kwa msodzi.

Ndinkayesa kuti ukangoyatsa basi, nsomba zija mbee. Ayi ndithu, pali zopotokola. Choyamba amati gain. Anandifanizira ndi wailesi yanga ikamavuta kugwira siteshoni: ukatsitsa kwambiri sumva kanthu, ukakweza kwambiri umangomva phokoso la mvula. Ndiye amakweza mpaka sikirini itadzaza timadontho, kenako n'kutsitsa pang'onopang'ono kufikira timadonthoto titayamba kuchepa. Pomwepo amasiya.

Timadonthoto n'chiyani ngati si nsomba? Zina ndi zinyalala, zina ndi thovu la injini, koma m'nyanja ya Malawi zambiri ndi mphutsi za nkhungu, tintchentche tija timatuluka m'madzi ngati utsi ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja amatiumba n'kuchita ndiwo. Mphutsi zake nazonso zili ndi timatumba ta mpweya. Masana zimatsikira kokuya, usiku zimakwera. Iye anamva kwa akuluakulu a ku Fisheries kuti ngakhale akatswiri amene ankayeza kuchuluka kwa nsomba ndi sitima yotchedwa Usipa, kuchokera ku Senga Bay kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anavutika kusiyanitsa nkhungu ndi nsomba. Mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Si ine ndekha amene ndikusokonezeka.

Palinso manambala awiri osankhira mtundu wa phokoso, 50 ndi 200. Pa 50 phokoso limafika kokuya ndipo limamwazika motakata, koma chithunzi chimakhala chosalongosoka. Pa 200 chithunzi chimayera, koma silipita patali. Ndinafunsa kuti bwanji osangoika pa 50 kuti aone mpaka pansi penipeni. Anati nyanja yathu kumpoto imazama mamita pafupifupi 700, koma kupyola mamita 200 ndi kanthu kulibe mpweya woti nsomba n'kukhalako. Ndiye kuyang'ana kumeneko n'kungotaya malo pa sikirini. Amauza makinawo kuti aonetse madzi okhawo amene ukonde ungafike.

Chinandidabwitsa china n'chakuti makinawo amatha kujambula tizithunzi ta nsomba, koma iye ndi anzake amazimitsa zimenezo. Akuti amajambula kansomba ngakhale agunde udzu. Odziwa ntchito amawerenga timizere topindika ngati uta. Nsomba ikamalowa m'mphepete mwa phokosolo imakhala patali, boti likafika pamwamba pake imayandikira, kenako imatalikiranso, ndipo utawo umajambulika choncho.

Mpaka apa ndinkangogwedeza mutu. Kenako ndinafunsa funso limene silinandichokebe mumtima.

"Mphwanga, nanga makinawo amakuuzani kuti uyu ndi utaka, uyu ndi ndunduma, ichi ndi chambo?"

"Timangoganizira, amalume, poona kuya kwake ndi mmene zaunjikanira."

"Nanga chambo chimene chafungatira ana m'kamwa, chimaoneka mosiyana ndi chinzake?"

Anakhala chete, akusenda nachesi. Kenako anati ayi.

Ine ndimalima. Ndikudziwa kuti suthyola nachesi laliwisi, ndipo sudya mbewu yonse ya m'nkhokwe. Kale nsomba zinali ndi pothawira: mdima, kuya kwa madzi, mwera. Siginala, munthu uja amatsogola ndi nyale pabwato pogwira usipa ndi chilimira, amadalira nzeru zake, ndipo masiku ena amalakwitsa, nsomba n'kupulumuka. Tsopano ngati khutu lamva pansi ponse, usana ndi usiku, nsomba ikabisale kuti? Pa zopotokola zonse zija, chilipo chimene chimauza msodzi kuti zakwana, bwererani kumtunda?

Mphwanga sanakhumudwe. Anati makinawo amapulumutsa dizilo chifukwa boti silingoyendayenda, amachenjeza za miyala imene ingang'ambe ukonde, ndipo ofufuza amagwiritsa ntchito makina a mtundu womwewo powerenga nsomba zimene zatsala. Boma lili ndi sitima yofufuzira yotchedwa Ndunduma ku Monkey Bay komweko. Anandikumbutsanso kuti chaka chilichonse boma limatseka nyanja kwa makoka kuyambira mwezi wa Novembala kuti chambo chiswane, ndipo ku chilumba cha Mbenji ku Salima, kwa Mfumu Makanjira, anthu akhala akutseka okha usodzi m'dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, popanda makina alionse. Zonsezi ndinazimva ndipo ndinazilandira.

Komabe pamsika wa pa boma mulu ukunka nuchepa, ndipo nsomba zake zikunka zichepera. Bonya amene amayi a kunyumba amagula lero ndi usipa woti ukanakula. Chambo ana anga amachimva dzina lokha. Ngati makina akutha kuwerenga nsomba, chiwerengerocho chimapita kwa yani? Chikasonyeza kuti zachepa, ndani amauza maboti kuti achepetse? Kodi mwini boti aliyense angathe kungogula makinawa n'kumangirira, kapena pali chilolezo chake? Nanga wa bwato lopalasa, amene alibe makina, amapeza chiyani m'mawa boti lalikulu litadutsa?

Mphwanga anabwerera ku Monkey Bay ndi thumba la manachesi mwera utaleka. Inu a ku Dipatimenti ya za Usodzi, bwerani pa wailesi mutiyankhe m'Chichewa mafunso amenewa. Ife a ku Mwanza nyanja sitiiona, koma ndiwo zathu zimachokera komweko.