Kodi Wakazinga Nyimbo za Kwaya Ndani?

Ino ndi sabata yachiwiri nkhani ili m'kamwam'kamwa. Mukaisiya m'minibasi mukaipeza pachigayo, ndipo pofika kometetsa tsitsi imakhala itanenepa kale. Tonse amene tinali m'tchalitchi Lamulungu lija tikugwirizana kuti kwaya inaimba mpaka thupi kuchita tsemwe. Tikugwirizananso kuti zimene zinatuluka mu laputopu n'kuyamba kuzungulira pa WhatsApp Lolemba m'mawa si zimene makutu athu anamva. Asoprano akakwera, mawu akuthetheka ngati chipisi pachiwaya. Pansi pa nyimbo iliyonse pali njuchi imene ikung'ung'udza osapuma. Ng'oma zija zinagwedeza mabenchi sizikumveka n'komwe. Pofika pa funso loti walakwa ndani, mpamene aliyense wagwira njira yake.

Oyamba kuloza chala anapita pa laputopu. Ena akuti ndi yokalamba, inabwera itatopa kale kuchokera kunja. Ena akutemetsa nkhwangwa pamwala kuti ili ndi virus, ndipo alipo amene anaimva ikulira fani ngati chigayo cha dizilo. Apa tiikire kumbuyo makina osalakwa. Kujambula mawu ndi ntchito yopepuka kwa kompyuta. Pa muyezo wa CD, imayeza mawu ka 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo mphindi imodzi imadya malo okwana pafupifupi 10 MB basi. Makompyuta a zaka makumi awiri zapitazo ankachita zimenezi osatuluka thukuta.

Achinyamata a masitudiyo a kuchipinda ali ndi mlandu wawo. Akuti vuto ndi pulogalamu yojambulira ya Audacity, poti ndi yaulere, ndipo chaulere sichikoma. Akadakhala iwo akadatsegula Cubase, ena akuti FL Studio, ndipo pamenepanso agawikana pawiri. Amayi a bungwe nawo akufunsa kuti ngati yaulereyo yakhala ikugwiritsidwa ntchito padziko lonse kuyambira m'chaka cha 2000, yadzaonongekera bwanji pa kwaya yathu yokha? Funso lawo ndi lanzeru. Pulogalamu yojambulira ili ngati mlembi wa mpingo, amalemba dzina limene wauzidwa. Mukaipatsa mawu othetheka, Cubase yodula ija idzasunganso kuthetheka komweko mokhulupirika.

Ndiye chiwayacho chinachokera kuti? Amene anakhala pafupi ndi tebulo la zida akuti anaona kachingwe ka mitu iwiri, wofiira ndi woyera, kakuchoka kumbuyo kwa mixer n'kukalowa pa kabowo ka maikolofoni ka laputopu. Ngati zili choncho, mlandu wa kuthetheka watha. Kabowo kameneko kanapangidwira timawu tofooka ta maikolofoni, timene mphamvu yake imayezedwa m'tizigawo ta chikwi ta volt imodzi, pamene mixer imatulutsa mphamvu yoyandikira volt yathunthu. Kuli ngati kukhuthulira ndowa ya madzi m'kapu ya tiyi. Pa kompyuta mawu ali ndi denga, pa 0 dB, ndipo chilichonse chodutsa pamenepo chimadulidwa mutu. Mukatsegula nyimbo zathu zija pa sikirini, m'malo mwa mapiri ndi zigwa mukuona chinthu chosalala pamwamba ngati mpanda wa maluwa wometedwa kumene. Ena akuti tingochepetsa voliyumu zikhala bwino. Nsima ikapserera, kuitsitsa pamoto sikuchotsa fungo.

Akuti nyali zofiira za pa mixer zinali kuyaka mapemphero onse, ndipo alipo akulumbira kuti zimenezo ndiye chizindikiro choti nyimbo yafika pamphamvu. Ayi ndithu. Chofiira pa mixer chili ngati chofiira pa maloboti a pamsewu. Odziwa ntchitoyi amasiya mawu akusewera pa zobiriwira, pokwera kwambiri n'kumafika cha m'ma -12 dB, kuti mayi wotsogolera nyimbo akadzazidwa n'kukweza mosayembekezereka apeze malo. Ndipo pakati pa mixer ndi laputopu amaikapo kabokosi ka USB kamene ambiri timangokatchula kuti sound card, monga timabokosi tofiira ta Focusrite kapena totsika mtengo ta Behringer, kuti mawu alowere pakhomo la saizi yake.

Njuchi ija ndiye yabala nthano zambiri. Ena akunong'ona kuti kwaya ya tsidya lija inatiponyera nsanje. Ena akuti ndi jenereta, pamene tonse tikukumbukira kuti tsiku limenelo magetsi sanazime. Wina anafika ponena kuti mu denga la tchalitchi muli njuchi zenizeni, ndipo anapeza omukhulupirira. Njuchi imeneyi dzina lake ndi 50 Hz, kugunda kwa magetsi athu a m'makoma. Imakonda kulowa pamene mixer yalumikizidwa pa soketi ina, chaja ya laputopu pa soketi ina, kenako chingwe cha mawu n'kulumikiza ziwirizo. Kuyesa kwake sikufuna ndalama: zulani chaja, laputopu iyendere batire, mumvetsere. Nthawi zambiri njuchi imakhala chete pomwepo. Koma pali malangizo amodzi amene akuyendayenda omwe tikuwakana poyera, aja oti muthyole mwendo wachitatu wa pulagi. Phokoso likhoza kutha, inde, koma mwendo umenewo ndi umene umateteza munthu wogwira maikolofoni kuti asagwidwe ndi magetsi. Zida zonse zidyere pa soketi imodzi, kapena pagulidwe chipangizo chotchedwa DI box, koma pulagi isiyidwe ndi miyendo yake itatu.

Pa za ng'oma mpamene mitima yatentha. Ena akuti mnyamata wa zida ali pa chidani ndi woimba ng'oma. Ena akuti mkulu wina wa mpingo amene sakonda ng'oma m'nyumba ya Mulungu analamula kuti zichotsedwe. Onsewa aiwala kuti mixer ilibe makutu, imangomva zimene zalowa pa chingwe. Ng'oma zathu zimadzaza tchalitchi pazokha, choncho palibe anaganiza zoziikira maikolofoni. Kuomba m'manja kwathu, nthungululu za amayi, abambo a kumbuyo amene amagwira besi popanda kupemphedwa, zonsezo sizinadutse pa chingwe chilichonse. Kiyibodi, imene payokha siifika ngakhale pa benchi yachitatu, inalumikizidwa mwachindunji n'kukwezedwa, ndiye mu laputopu yakhala mfumu. Mnyamata uja anasakaniza mawu kuti akomere ife amene tinali m'katimo, ndipo anakwanitsa. Laputopu inangolandira theka limene linkadutsa m'masipika.

N'chifukwa chake amene anajambula pa foni ali pa benchi yakumbuyo akuyenda chotukumula, akuti foni yaposa mixer. Pang'ono akunena zoona. Mwawo muli ng'oma ndi nthungululu, ngakhale mulinso chifuwa cha woyandikana naye ndi mwana wolira. Chimene chinasowa kwa ife ndi maikolofoni imodzi kapena ziwiri zoyang'ana kwa anthu, kasakanizidwe kapadera kochokera pa kabowo ka aux ka mixer kopita ku kompyuta kokha, ndi munthu wovala mahedifoni womvetsera zimene zikujambulidwa osati zimene zikumveka m'chipinda.

Akuluakulu nawo sanakhale chete. Akuti kale magulu oimba ankapita ku MBC ku Chichiri, n'kuimba onse pamodzi pa tepi ya mkombero, wina akaphonya n'kuyambiranso, ndipo nyimbo zake tikuzimverabe. Ena akuthira mchere kuti kunalibe n'kuyesa komwe. Tikukayika zimenezo. Koma n'zoona kuti tepi inali yachifundo: mawu akapyola muyezo inkangowafinya pang'onopang'ono, pamene kompyuta imadula ndi chikwanje.

Chimene sitikuvomereza ndi kusenzetsa mnyamata uja mlandu wonse. Ndi iye amene amafika kusanache kudzanyamula masipika, amakulunga zingwe ife tikudya nsima kunyumba, ndipo zonsezi anaziphunzira yekha popanda malipiro. Nkhaniyi ikutipweteka chifukwa mayi wotsogolera uja ali ndi nyimbo m'mutu zimene sizinalembedwe m'buku lililonse, ndipo ana athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town anali kudikira kuti amve mawu a kwawo.

Tamva kuti kwaya yavomera kuimbanso Loweruka likubwerali, ndipo mbale ya ndalama za kabokosi ka USB kaja yayamba kale kuzungulira. Mkangano watsopano ndi wa malo oimikapo maikolofoni yoyang'ana kwa anthu. Amayi akuti iime kumbali kwawo, kumene kumachokera nthungululu. Abambo a besi akuti akhala akuimba kumbuyoko zaka zonsezi osamvedwa, ndipo ulendo uno benchi yawo aisendeza kutsogolo.