Mfumu ikati idzere kwanu, pengani: malangizo ochokera ku Gotham

Tiyambe ndi katchulidwe, kuopa kuti mungakadzichititse manyazi m'basi. Mukakwera ku Nottingham n'kuuza woyendetsa kuti mukatsikira ku "Gofamu", monga amatchulira mzinda wa Batman m'mafilimu, basi yonse idziwa kuti mwabwera kudzajambula chikwangwani. Eni mudzi amati "Gotamu", chifukwa dzinali linachokera ku mawu awiri a Chingerezi chamakedzana otanthauza mudzi wa mbuzi. Ndi kamudzi ka m'chigawo cha Nottinghamshire, makilomita 10 ndi kanthu kummwera chakumadzulo kwa mzinda wa Nottingham, ndipo anthu ake sakwana n'komwe 2,000. Kanalembedwa kale mu Domesday Book, kaundula wa minda ndi ziweto amene analembedwa mu 1086 molamulidwa ndi Mfumu William. Choncho boma linkawadziwa anthuwa kuyambira kalekale, ndipo vuto lawo linali lomwelo.

Tsono tiyerekeze kuti ndinu nyakwawa wa kamudzi kotere, ndipo mwamva mphekesera yoti mfumu ya dziko lonse ikufuna kudzera m'minda yanu. Musathamangire kukonza magule ndi kupha mbuzi. Yambani mwafunsa kuti mfumuyo ndi iti. Ya anthu a ku Gotham inali John, amene analamulira England kuyambira 1199 mpaka 1216, munthu wodziwa kufinya msonkho ngati akukama ng'ombe yowuma mawere. Nthano imati kalelo njira iliyonse imene mfumu yapondapo inkasanduka msewu wa aliyense, ndipo thangata yousamalira inkagwera eni mudzi. Ena amati ankafuna kumanga nyumba yogonamo akapita kosaka nyama. Zonse ndi chimodzimodzi: mlendo wotereyu si mame ayi, akafika sakamuka.

Akuluakulu a dzikolo, eni malinga ndi asilikali, atatopa naye John anasonkhanitsa nkhondo, n'kumukakamiza kuvomera chikalata cha Magna Carta ku Runnymede mu 1215. Njira imeneyo ndi yodula. Imafuna akavalo, malupanga ndi alembi odziwa Chilatini. Inu mulibe zimenezo. Muli ndi dziwe, tchire ndi anthu omvana. Ndiye pengani. Masiku amenewo anthu ankaopa kuti misala imapatsirana ngati chimfine, ndipo palibe nduna imene ikanalola mfumu yake kupuma mpweya wa mudzi wopenga.

Koma misala yake ikhale yadongosolo. Munthu mmodzi akamavina pamsika ali mbulanda, amenewo ndi mavuto a banja lake. Chofunika n'chakuti amithenga a mfumu akafika apeze mudzi wonse uli kalikiliki pa ntchito yachitukuko, nkhope zili gwa, wina akulamula, wina akuyeza, wina akudandaula kuti anzake akuchedwa.

Ntchito yoyamba ikhale ya mbalame. Ku England kuli mbalame yotchedwa cuckoo, imene imafika mu Epulo nyengo yozizira ikatha, n'kumalira m'tchire masabata owerengeka, kenako n'kusowa. Madoda a ku Gotham anaona kuti mbalameyi ikakhalapo kunja kumafunda, ikachoka chisanu chimayandikira. Anagwirizana kuti chobweretsa dzuwa ndi mbalameyo, ndipo anaimangira mpanda kuzungulira chitsamba chimene inaterapo kuti nyengo yabwino ikhale yamuyaya. Mpanda utatha, mbalame inangoti pululu, kudzera pamwamba. Apa ndi pamene muyenera kutchera khutu, chifukwa luso lonse lagona pa zimene munganene ntchito ikalephereka. Musavomereze kuti ganizolo linali lopusa. A ku Gotham anangogwedeza mitu n'kunena kuti mpanda unafupika. Aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wounika chitukuko chimene chagwa akudziwa kuti yankho limeneli likadali moyo, ndipo lili ndi thanzi. Kunena zoona, mpandawo ukanafunika kutalika ndithu: akatswiri a mbalame atayamba kumangirira tizipangizo pamsana pa ma cuckoo a ku Britain, anapeza kuti amawoloka chipululu cha Sahara kukathera miyezi yozizira m'nkhalango za ku Congo.

Ntchito yachiwiri ndi ya chilungamo. Anthu aja anaponya m'dziwe nsomba zamchere zimene zinawatsalira, kuti ziswane adzadye chaka chamawa. Chaka chitatha anakapeza dziwe lili mbee, muli mkunga umodzi wonenepa, nsomba yaitali ngati njoka ija. Mlandu unazengedwa, wakuba anapezeka, ndipo bwalo linagamula chilango chowawa kuposa zonse: aumize m'madzi mpaka ufe. Anauponya m'dziwe lina n'kubwerera kwawo mitima ili m'malo. Ngati munaonapo wogwidwa ndi katangale akulangidwa pomusamutsira ku ofesi ina yokhala ndi ndalama zambiri, simufunika kuti ndikutanthauzireni.

Zotsalazo gawanani monga mwa mphatso zanu. Wamalonda agubuduze tchizi chake pamtsetse n'kuchiuza kuti akakumane nacho kumsika wa ku Nottingham. Chikapanda kufika, aganize kuti chathamanga kwambiri n'kupitirira, abwereke kavalo akachifunefune ku York. Wachifundo akwere kavalo atasenza yekha thumba la tirigu paphewa, kuti nyama isalemedwe. Wosula zitsulo amene mavu amangira chisa kudenga atenthe chipala chonse, mavu aone polekera. Asodzi 12 akabwerako kumtsinje awerengane, aliyense aziiwala kudziwerenga yekha, apeze 11, ayambe kulira maliro a mnzawo amene wamira. Asodzi okhawa ndimawamvera chisoni pang'ono, chifukwa m'nthanomo munthu wodutsa anawathandiza kuwerenga powakwapula mmodzimmodzi, n'kuwalanda ndalama zonse ngati malipiro. Mlangizi wochokera kunja sanayambe lero.

Amithenga aja anabwerera kukauza John kuti kumeneko kulibe munthu wamutu, ndipo mfumu inalambalala. Mu Okutobala 1216 inafera ku Newark, m'chigawo chomwecho cha Nottinghamshire, itangotaya katundu wake m'matope a The Wash. Mbuzi za ku Gotham zinapitiriza kudya msipu.

Mwapulumuka, koma ntchito sinathe. Mudzi wa ku England wopanda choonetsa alendo ndi mudzi wakufa, ndiye misala ija muisandutse malo. Pamwamba pa kaphiri kummwera kwa mudziwu pali kachulu kotchedwa Cuckoo Bush Mound, pomwe amati mpanda uja unamangidwa. Ofukula zakale amati ndi manda a anthu amene anafa zaka zambirimbiri John asanabadwe, koma zimenezo zisakusokonezeni. Wakufa sakana dzina latsopano. M'mudzimo mukhalenso bala yotchedwa Cuckoo Bush, kuti wotsika kuphiri ali wefuwefu, atakaona chitsamba chosasiyana ndi zitsamba zina, apeze pozimitsira ukali wake. Tchalitchi cha St Lawrence chilipo ndi nsanja yake yosongoka, mbali zina n'za m'zaka za m'ma 1100, koma tchalitchi chakale mudzi uliwonse kumeneko uli nacho. Ndi angati ali ndi dziwe lomizira nsomba?

Musavutike kufotokoza zimene zinkadyetsa anthu. Kwa zaka zambiri amuna a ku Gotham ankalowa pansi kukumba gypsum, mwala woyera wopangira pulasitala, ndipo chapafupi pomwepo pali zinsanja 8 za Ratcliffe-on-Soar, malo omaliza ku Britain opangira magetsi ndi malasha, amene anatsekedwa pa 30 Seputembala 2024. Izi n'zoona zokhazokha, n'chifukwa chake palibe mlendo amazifunsa.

Nthanozo zilembedwe, ndipo wolemba akhale wakunja. Kabuku ka nthano za amisala a ku Gotham kanasindikizidwa m'zaka za m'ma 1500, ndipo ambiri amati anakalemba ndi sing'anga Andrew Boorde. Popeza iyeyu anali wa ku Sussex, kumenenso kuli malo otchedwa Gotham, anthu ena akumeneko amati zitsiru zenizeni zinali zawo. Musalole. Uchitsiru ukayamba kubweretsa alendo umasanduka chuma cha makolo, ndipo umatetezedwa ngati malire a munda. Mungoonetsetsa kuti mbali ya Mfumu John ikumveka mokweza, ngakhale kuti inadzalembedwa patapita zaka mazana mfumuyo itaola. Popanda iyo ndinu mbuli wamba. Ikakhalapo, ndinu ochenjera amene ananamiza boma, ndipo mutha kumanena monyada, monga amanenera eni akewo, kuti zitsiru zodutsa m'mudzimo n'zambiri kuposa zokhalamo. Wamisala anaona nkhondo.

Chenjezo ndi limodzi: dzina likatchuka limasamuka osatsanzika. Mu 1807 wolemba wa ku America, Washington Irving, pofuna kuseka anthu a ku New York m'magazini ya Salmagundi, anautcha mzinda wawo Gotham. Iwo m'malo mokwiya analikonda. Patapita zaka zoposa 130, olemba nthano za Batman anapatsa mzinda wa ngwazi yawo dzina lomwelo, ndipo lero mwana wa ku Tokyo kapena ku Lusaka amadziwa khola la mbuzi la ku Nottinghamshire ngati mzinda wamdima wodzaza zigawenga. Phindu limene eni dzina apeza n'lakuti chikwangwani cholowera m'mudzi mwawo chazulidwapo kangapo, mwina ndi okonda Batman ofuna kukachipachika kuchipinda kwawo. Khonsolo imagula china, n'kuchimanganso pamalo pomwepo. Mwina chija chinafupika.