Maso a nkhono pamphuno ya ndege

Munthu amene anayamba kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha ayenera kuti analibe foni. Anali ndi nthawi yonjuta pansi pa nthochi mvula itakata, kudikira kanyama kamanyazi kaja kuti katulutse tinyanga, mpaka anazindikira kuti kunsonga kwa tinyanga tiwiri tatitali kuli timadontho takuda, ndipo timadonthoto ndiye maso. Ukangokakhudza kamabweza zonse m'chigoba, iwe n'kuyambanso kudikira. Ife a lero tikafuna maso a nkhono timafunsa Google, ndipo chithunzi chikachedwa masekondi asanu timayamba kutukwana netiweki ndi makolo ake omwe. Mwambiwu ukanakhala munthu bwenzi utalandira kale penshoni.

Koma sunapume ntchito ayi. Unangosamuka. Masiku ano ukugwira ganyu ku America, m'magalaja a anthu amene amadzipangira okha ndege kunyumba, galimoto ya banja ikugona panja.

Anthuwa si ochepa ndipo si amisala, ngakhale kuti akazi awo ena angatsutse. Ali ndi bungwe lawo la Experimental Aircraft Association, limene Paul Poberezny anayambitsa mu 1953 ku Milwaukee, ndipo chaka chilichonse cha mu July amasonkhana ku Oshkosh, m'chigawo cha Wisconsin, kumene kumatera ndege pafupifupi 10,000 m'sabata imodzi. Boma limawalola, bola ntchito yoposa theka, imene eni ake amaitchula kuti 51 pa 100, ikhale yogwiridwa ndi anthu ongochita pofuna kuphunzira ndi kusangalala. Limangowalamula kulemba pafupi ndi polowera, m'zilembo zooneka bwino, kuti ndegeyi ndi yoyeserera, kuti wokwera asadzati sanauzidwe. Khalidweli ndi lakale: cha mu 1929 Bernard Pietenpol wa ku Minnesota anali akuuluka kale pa ndege yamatabwa yokhala ndi injini ya galimoto ya Ford Model A. Lero ambiri amagula zipangizo zodulidula kale kumakampani monga Van's Aircraft ya ku Oregon, imene ndege zake za RV zoposa 10,000 zinamalizidwa m'manja mwa anthu wamba n'kuuluka.

Wopanga ndege yatsopano aliko bwino. Womvetsa chisoni ndi uja wagula yakale kuti aikonzenso, imene anapanga munthu wina zaka makumi atatu zapitazo ndi tepi yake yoyezera, maso ake ndi maganizo ake, ndipo mwina anatisiya kale moti sangafunsidwe. Ndege zopangira kunyumba sizifanana ngakhale pulani itakhala imodzi. Mkulu wathuyu wakonza mapiko, wamanga injini, walumikiza mawaya. Anansi akasuzumira amati yatha. Iye amayankha ndi nthabwala yodziwika pakati pa anzake, yakuti ntchito yatha 90 pa 100, yatsala 90 pa 100. Zatsalazo ndi ziwiri zooneka zachibwana: chivundikiro cha injini, chimene pa galimoto tikanati boneti, ndi galasi lakutsogolo.

Chivundikiro chimabwera m'zigamphu ziwiri za fibreglass, chapamwamba ndi chapansi, ndipo a kufakitale amachipanga chachikulu dala kuti mwini adule yekha. Kumeneko ndi kukoma mtima kwa munthu amene akudziwa kuti mukadula mopitirira mudzabweranso kudzagula china. Kutsogolo chiyenera kulunjika ndendende ndi mbale yozungulira imene imakhala kuseri kwa pulopela, n'kusiya mpata wa mamilimita asanu ndi imodzi kapena kuchepera apo. Kumbuyo chiyenera kukumana ndi thupi la ndege popanda kukwerana kapena kusiya mpata wolowa chala. Vuto ndi lakuti chinthu chachikulucho, mukachiveka, chimaphimba malire omwewo amene mukufuna kudulapo. Ena amalemberatu mzere pathupi la ndege masentimita asanu kumbuyo kwa malirewo, kenako n'kuyeza chobwerera. Ena amayatsa nyali m'kati kuti mthunzi wa malire uonekere kunja. Onsewo amadula mosiyako pang'ono, chifukwa chodulidwa sichimeranso, ndipo zotsalazo amazidya ndi sandipepa womatidwa pathabwa lalitali.

Apa ndiye nkhono imayamba kuseka. Vekani, yang'anani, lembani ndi cholembera, vulani, palani pang'ono. Vekaninso. Mbali imene inali bwino tsopano yatseguka, chifukwa munapala mbali inayo. Vulani. Zogwirira zongoyembekezera zimene amazitcha Cleco, tizitsulo ta sipuling'i tolowetsa m'mabowo ndi pulaya yakeyake, mumazilowetsa ndi kuzizula mpaka dzanja lamanja limayamba kutsina lokha muli m'tulo. Fumbi la fibreglass limayabwa, limalowa m'malaya, limakutsatani mpaka pabedi. Mayi a kunyumba akafunsa kuti, “Kodi bambo, dzulo si munati chakwana?” yankho loona ndi lakuti chinakwanadi, koma chinali chisanaonedwe kuchokera kumanzere.

Ndipo pali kachinsinsi kamene ine ndimakakonda koposa. Injini imakhala pa mphira zochepetsa kunjenjemera, ndipo ikagwira ntchito kwa kanthawi mphirazo zimafwafwanyika, injini n'kuwerama pang'ono. Choncho mmisiri wodziwa amaveka chivundikiro motsikirapo dala, kuti injini ikadzawerama zidzakumane. Ndiye kuti munthu ayenera kulakwitsa lero mwadala kuti zidzalondole chaka chamawa, ndipo m'miyezi yonse yapakatiyo mlendo aliyense wobwera kudzaona ndege amaloza pamphuno n'kunena mwachifundo kuti, “Apa zaphonyana pang'ono, eti?” Kudekha kodikira nkhono n'kosavuta. Kudekha kosamuyankha mlendo ameneyu ndi mphatso.

Wina angati zonsezi ndi matama chabe, kufuna kuti ndege ioneke bwino pachithunzi. Ayi. Mu 1928 akatswiri a bungwe la NACA ku Langley, motsogozedwa ndi Fred Weick, anaveka chivundikiro chopangidwa mwanzeru pa ndege ya Curtiss imene injini yake inkakhala pamtunda, ndipo liwiro linakwera kuchoka pa makilomita pafupifupi 190 kufika 220 pa ola, osawonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono. Ntchitoyi inapatsa bungwelo chikho cha Collier cha 1929. Komanso injini zambiri za ndege zing'onozing'ono, monga Lycoming O-320, zilibe redieta. Zimazizira ndi mphepo basi. Mphepo imalowa pamabowo akutsogolo, imadzazana pamwamba pa injini, ndipo timalata ndi malamba a mphira oikidwa m'katimo amaikakamiza kutsika kudzera m'zipsepse za masilinda mpaka kutulukira pansi. Mphepo nayo ndi yaulesi: ikapeza kampata kozembera, imadutsa pomwepo, silinda yakumbuyo n'kumapsa. A Lycoming amaika malire ofiira pa madigiri 260, ndipo oyendetsa osamala safuna kupitirira kwenikweni pa 200. Lamba mmodzi wa mphira akapindikira kolakwika poveka chivundikiro, geji imakuuzani muli kale m'mwamba, kumene kulibe poimika kuti mutsegule boneti.

Zomangira sindichedwapo. Ena amagwiritsa ntchito mahinjesi ataliatali okhala ndi waya wosolola, ena timabatani totseka pongopotoza pang'ono, timene William Dzus anatulukira m'zaka za m'ma 1930. Magulu awiriwa amakangana mosatha, ndipo onse amatukwana mofanana pa waya kapena batani lomaliza.

Tsopano galasi. Dzina lokha ndiye galasi, chinthucho ndi pulasitiki wa acrylic, amene anayamba kugulitsidwa ku Germany mu 1933 ndi dzina la Plexiglas. Ngati chivundikiro chimayesa kudekha kwa munthu pang'onopang'ono, galasi limakuyesa kamodzi kokha. Fibreglass imakhululuka, mukadula mopitirira pang'ono mutha kumata ina, kupala, kupenta, anthu osadziwa. Galasi silidziwa kukhululuka. Likazizira limauma mtima, limasweka msanga, choncho amisiri amatenthetsa chipinda mpaka madigiri 25 kapena kuposerapo asanalikhudze. Ku Wisconsin, kumene mu January madzi amaundana panja, zimenezi zikutanthauza kuti bambo amene chaka chonse amadandaula kuti ana akuwononga magetsi wayatsa mahita atatu m'galaja usiku wonse, kufunditsa pulasitiki.

Sowo saloledwa, chifukwa mano ake amakoka n'kuyambitsa ming'alu. Amadula ndi kagudumu kopyapyala kopera, ndipo akangodula amasalaza m'mphepete nthawi yomweyo, asanalinyamule, popeza kakhwawa kalikonse kosaoneka ndi maso ndi poyambira mng'alu. Kuboola ndiye mayeso aakulu. Choboolera wamba cha zitsulo chimaluma pulasitiki potulukira n'kudzikokera m'kati, ndipo kaphokoso kamene kamatsatira ndi kakang'ono kwambiri, kongoti “the”, koma kamamveka mpaka kubanki. Pamafunika choboolera chosulidwa mwapadera, kapena chofoolako mano dala kuti chizipala m'malo moluma, thabwa lochirikiza kuseri, ndi dzanja lopanda changu. Tangoganizani, chida chakuthwa chogula ndi ndalama, mmisiri n'kuchibunthitsa yekha kuti chigwire bwino ntchito.

Bowo likatheka, liyenera kukulitsidwa kuposa sikuluwu imene ilowemo. Kukatentha, acrylic amafutukuka pafupifupi katatu kuposa aluminiyamu, ndipo kuposa chitsulo kasanu ndi kamodzi. Ndege imene yakhala padzuwa masana n'kukwera kumene kuli chisanu imafuna galasi lokhala ndi poyenda. Sikuluwu nazo samanga mwamphamvu, amangozigunditsa. Izi zimapweteka amuna ambiri, amene anakula akukhulupirira kuti chinthu chomangidwa bwino ndi chimene wachimanga mpaka mtsempha wa pakhosi kuonekera. Wina pofuna kuti zisamasuke amadonthezera mankhwala omatira maboti aja, osadziwa kuti mankhwalawo amadya acrylic, ndipo m'mawa amapeza timing'alu tozungulira bowo lililonse. Ena anatopa nazo, sabooleratu, amangomata galasi lonse ndi Sikaflex. Wokonzanso ndege yakale ali ndi msampha wake wowonjezera: mabowo a pafelemu alipo kale, pamene malemu anawaika, ndipo galasi lakale limene akufuna kukoperapo linapindika ndi dzuwa la zaka zambiri. Likamuuza podula, likunama.

Mng'alu ukayamba pali mankhwala amodzi: kuboola kabowo kakang'ono kumapeto kwake kuti usapitirire. Umaimadi. Koma kabowoko kamakhala pomwepo, patsogolo pa mphuno yanu, ulendo uliwonse.

Tsono ndili ndi mlandu ndi akuluakulu amene anatisiyira mwambiwu. Anatiuza kuti tidekhe, koma sanatiuze kuti mpaka liti. M'malonda a ndege zopangira kunyumba simusowa zogulitsidwa zisanathe, mwini akulemba kuti yangotsala pang'ono, galasi likadali m'bokosi lake, pepala loteteza litauma n'kukanirira. Munthu ameneyu anadikira tsiku lofunda bwino. Litafika anati adikire choboolera china. Chitafika kunazizanso. Mukamufunsa amati ndi wodekha, ndipo mwambi uli kumbali yake. Ine ndikuti ameneyu ndi wamantha amene wabwereka malaya a kudekha. Nkhono yake inatulutsa maso kalekale, inamuyang'ana, inatopa, inapita. Wodekha weniweni ndi uja amene tsiku lililonse amavula ndi kuveka, manja akuyabwa, ndipo tsiku loboola likafika amapuma kamodzi n'kuboola.

Mbali inayi kuli ana a YouTube. Aonera kanema wa mphindi khumi ndi ziwiri mmene munthu womwetulira waveka chivundikiro ndi galasi nyimbo ikulira, ndipo sakudziwa kuti masabata opala anadulidwa, mawu otukwana anafufutidwa, ndiponso kuti galasi limene akuonalo mwina ndi lachiwiri. Amalowa m'galaja Loweruka m'mawa atalonjeza kunyumba kuti pofika nkhomaliro akhala atamaliza.

Chomwe mwambi sunanenenso ndi kuchepa kwa mphoto. Wadikira, miyendo yachita dzanzi, ndipo chimene waona ndi timadontho tiwiri. Miyezi itatu ya fumbi imabala mpata wolingana bwino kuzungulira mphuno ya ndege, umene palibe wachibale angauone. Amauona ndi anzake odwala nthenda yomweyo. Ku Oshkosh mudzawapeza, madoda a imvi atagwada pa kapinga, mutu utapendekeka, diso limodzi litatsinzina, akuyang'ana mzere umene chivundikiro chakumana ndi thupi la ndege. Salankhula zambiri. Mmodzi akangogwedeza mutu, mwini ndege amakagona osadya.

Ikadutsa kwa woyendera wa boma, ndege yatsopano kawirikawiri imayamba yauluka maola 25 kapena 40 oyeserera m'dera loikidwa, isananyamule alendo. Ndipo pakangopita maola 50 mafuta a injini amafuna kusintha, chivundikiro chija n'kuvulidwanso, penti yatsopano n'kukandika pakona.

Galasi nalo lili ndi malamulo a moyo wake wonse. Amalitsuka ndi madzi ambiri poyamba kuti fumbi lichoke, kenako nsalu yofewa, kupukuta chokweza ndi chotsitsa, osazunguliza, kuti timikwingwirima tisamabalalitse dzuwa m'maso potera. Pepala lopukutira m'manja limakanda. Mankhwala otsukira mawindo a m'nyumba okhala ndi ammonia amaliwononga. Zonsezi mkulu wathu amazidziwa pamtima. Amene sazidziwa ndi mlamu wake, munthu wabwino, wokonda kuthandiza, amene wabwera kubwalo la ndege kudzaona ulendo woyamba, waona tizilombo titafera pagalasi, ndipo pamene mwini wapita kukasaina mapepala, iye watulutsa botolo labuluu ndi nyuzipepala ya dzulo m'galimoto, wapinda manja a malaya, wayamba kuzunguliza ndi mphamvu zake zonse.